Lamba wa m'bokosi la malemu

Makina owumitsira zovala a pa chipatala cha mishoni pamene ndinkachapa anaima sabata yachiwiri chimwalirireni amuna anga. Unali mwezi wa Januwale, mvula ikugwa mosapumira. Chipatalacho chinali chaching'ono, cha kumbali ya Phalula, nthawi imene Balaka anali adakali pansi pa Machinga. Ochapa tinalipo awiri, ine ndi mayi wina wachikulire amene ndinkawatchula kuti achemwali ngakhale panalibe ubale.

Amuna anga ndiwo ankakonza chilichonse pamalopo: mipope, maloko, magetsi, mabedi othyoka miyendo, ndi makina aja. Nyumba imene tinkakhalamo ndi ana athu aakazi awiri, kuseri kwa khitchini ya odwala, inali ya munthu wa ntchito imeneyo, osati ya wochapa. Maliro atatha, asisitere oyang'anira chipatala anandiitanira mu ofesi. Anandiuza kuti sathamangira kufuna munthu wina, ndikhale kaye ana amalize chaka kusukulu, bola pasawonongeke chinthu chachikulu. Koma ngati atakakamizika kulemba wina, munthuyo adzafunika nyumba. Sanabise, ndipo ine ndinamva. Kwathu ku Nsamala ndi kutali, sindikanatha kuyenda m'mawa uliwonse. Kutaya nyumba kunali kutayanso ntchito.

Amuna anga anali Msilamu wa ku Chikweo, ine wa mpingo. Anadwala malungo aakulu masiku ochepa, namwalira m'mawa, ndipo Asilamu anzawo a pafupi anawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Akulu awo a malemu, alamu anga, anafika mawa lake, matope mpaka m'mawondo. Ine ndinali ndi mantha chifukwa ndinkadziwa kuti kwawoko mkazi wofedwa amabindikira m'nyumba miyezi ingapo. Koma alamu anati zimenezo sandikakamiza, popeza ndine wa tchalitchi ndipo ana akudyera m'manja mwanga. Anasonkhanitsa zovala za mng'ono wawo, kofia, wailesi, nazimanga m'nsalu. Njinga anaikoleka kudenga. Bokosi lachitsulo la zipangizo analikulunga ndi chingwe cha khonje, namanga mfundo yawoyawo pamwamba, nalikankhira kunsi kwa zenera.

"Alamu, ndikupemphani chimodzi chokha," anatero. "Zinthuzi zikhale mmene ndazisiyiramu mpaka tidzabwere pa sadaka ya masiku makumi anayi. Musadzamasule, ngakhale mutasowa msomali."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Zimene anandikhululukira zinali zazikulu kuposa zimene ankapempha.

Tsiku limene makina anaima ndinali nditaponyamo nsalu za pabedi za ku wodi ya amayi. Ndinamva phokoso laling'ono ngati wina wamenya tebulo ndi chikhato, kenako mota inapitiriza kulira, koma mopepuka, mosiyana ndi masiku onse. Nditasuzumira pagalasi ndinaona nsalu zili duu pansi. Moto ukubwera, mphepo ikubwera, koma mgolo sukuzungulira. Pamene ndinathimitsa, nsalu yapansi inali itafiira kale mbali imodzi. Achemwali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana makina. Tonse tinkadziwa kuti chinthu chachikulu chija ndi chimenechi.

Anthu a masiku ano angafunse kuti bwanji osangoyanika panja. Nthawi ya mvula nsalu siuma, imangonunkha nkhungu. Ndipo ikakhala pachingwe yonyowa, ntchentche zina zimaikirapo mazira. Munthu akagonera nsaluyo, mphutsi zimalowa pakhungu n'kumakulira momwemo. Wamkulu amapirira. Khanda la masiku atatu silingathe. Kutentha kwa makina kunkapha mazirawo. Popanda makina, nsalu iliyonse ndi tewera lililonse zinkafunika simbi ya makala mbali zonse ziwiri mpaka m'mipendero, ndipo ife tinali anthu awiri.

Ndinali nditawaonapo amuna anga akutsegula makinawo, ine nditawagwirira nyali. Ndinkakumbukira zinthu ziwiri: kuti ankayamba athimitsa pakhoma, ndiponso kuti ankalowera kumbuyo. Ndinathimitsa pakhoma. Zipangizo zonse zinali m'bokosi lomanga lija, choncho ndinabwereka sipanala kwa dalaivala wa ambulansi, ndipo zomangira zina ndinazipotokola ndi nsonga ya mpeni wa kukhitchini. Pakati pa makina ndi khoma panali mpata wongokwana munthu wogona chammbali. Achemwali ataona mmene ndikulimbanirana ndi chitenje anaseka koyamba chichitikireni maliro.

"Apa pamafunika buluku, iwe. Koma ukavala, achipani akakutula ku polisi, ndiye makinawa akonza ndani? Gona choncho, ine ndiima pakhomo ngati chitseko, mlonda asaone zosamuyenera."

Nditachotsa chitsulo chakumbuyo ndinapeza fumbi la zovala lochindikala ngati thonje, ndipo pansi pake panali lamba wakuda, woduka. Ndinagwira mgolo ndi dzanja, unazungulira bwinobwino osakwekwesa. Kagudumu ka mota nakonso kanali bwino. Pambali panali kagudumu kena kokhala pa sipuling'i, kamene ntchito yake ndi kukoka lamba kuti athine. Zonse zinali zamoyo. Vuto linali lamba yekha, ndipo lamba wina ndinkadziwa kumene ali. Chaka chapitacho wansembe wina atapita ku Blantyre anabwera ndi malamba awiri. Mmodzi ndi amene anadukayo. Winayo amuna anga anamukulunga m'pepala la simenti n'kumusunga m'bokosi lawo kunyumba, chifukwa denga la ku wekishopu linkadontha ndipo makoswe ankatafuna chilichonse cha mphira.

Asisitere ndinawauza zonse tsiku lomwelo. Anati lambayo ndi wa chipatala, ndinavomera kuti inde ndi wa chipatala. Anati ndikamutenge, ndinati sindingathe. Anatuma mlonda, amene nayenso anali Msilamu. Iye anafika pakhomo panga, anapereka moni, nabwerera kukanena kuti kuli bwino amuchotse ntchito. Anatuma wophika, Mkhristu wa kwaya, nayenso anakana, ati alibe mwana wotaya. Madzulo ake asisitere anabwera okha atafunda ambulera. Analowa, anaima pafupi ndi bokosi, anayang'ana mfundo ija nthawi yaitali. Mwana wanga wamng'ono anali atakhala pamphasa akuwayang'ana. Asisitere sanakhudze mfundoyo. Potuluka anangondiuza kuti atumiza uthenga ku Blantyre, koma masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njanji ndipo zipangizo m'masitolo zinkasowa.

Ndinayamba ndi kusoka lamba wodukayo. Ndinaboola nsonga zonse ziwiri ndi msomali wotentha n'kulumikiza ndi ulusi wa nayiloni umene asodzi amasokera maukonde. Kumuveka kunali kovuta kuposa kusoka. Amafunika azungulire mgolo wonse, adutse pansi pa kagudumu ka sipuling'i, kenako akole ka mota, ndipo zonsezi umachita osaona, dzanja limodzi likukankha sipuling'i. Sipuling'iyo inandipulumuka n'kundipana chala, chikhadabo chinada, patapita sabata chinachoka. Titayatsa, mgolo unazungulira kangapo, msoko utafika pa kagudumu kakang'ono unang'ambika. Mphira inali itatha kale, yongofumbutuka.

Kenako ndinayesa malegeni. Ndinadula chubu chakale cha galimoto, ndinapota zingwe zitatu ngati mmene timalukira tsitsi, ndinamanga. Makina ali ozizira zinkagwira. Akangotentha malegeni ankatamuka, kagudumu n'kumangozungulira pachabe, nyumba yonse fungo la mphira yopserera. Achemwali anati odwala aziganiza kuti tayamba kuwotcha matayala. Ndinachotsa ndisanayatse moto chipatala.

Masiku onsewo nsalu zinali pazingwe m'khonde la wodi, m'chipinda chochapira, ngakhale m'kachipinda kosungira nkhuni. Tinkayamba kusita kusanache bwino. Makala anali onyowa, utsi wake umaluma m'maso. Achemwali manja anatupa mpaka mphete inalowa m'mnofu. Sanadandaule kwa ine ngakhale kamodzi, koma tsiku lina tikupinda matewera anandiuza chapansipansi kuti iwo akanakhala ine akanamasula, n'kutenga lamba, n'kumanganso, wakufa sawerenga mfundo. Ndinawayankha kuti wakufa sawerenga koma akulu ake amawerenga. Sitinabwerezenso nkhaniyo.

Madzulo ndikaweruka ndinkakhala moyang'anizana ndi bokosilo. Ana ankaikapo nyali chifukwa tebulo tinalibe. Sindinganame kuti ndinkaopa mzimu wa amuna anga, anali munthu wofatsa ndipo akanakhala woyamba kundiuza kuti nditenge. Chimene chinkandigwira dzanja chinali nkhope ya alamu, mmene anakhalira pakhonde ndi matope awo n'kundimasula ku chinthu chimene akanatha kundimanga nacho. Ndinaganiza kuti njira yabwino ndi kukawapempha okha.

Ndinanyamuka Loweruka kupita ku Chikweo, ana ndinawasiyira achemwali. Pa Liwonde achinyamata achipani anakwera basi kuona makadi, langa ndinali nditalimanga pansonga ya chitenje, linali litanyowa koma anavomera. Kuchokera pa Ntaja ndinayenda pansi. Mitsinje inali itadzaza, malo ena ndinawoloka madzi ali m'chiuno, ndagwira dzanja la munthu wosamudziwa. Chimanga m'minda chinali chachikasu chifukwa cha madzi. Ndinafika dzuwa litapendeka.

Apongozi anga aakazi anali atawonda kwambiri. Anandigwira manja onse awiri, kenako anayamba kundifunsa m'Chiyao za ana, ngati wamkulu akadali ndi chifuwa chake. Alamu anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanandidule mawu. Ndinawafotokozera za mgolo, za mphutsi, za nyumba. Ndinati sindikufuna sipanala kapena chilichonse cha malemu, koma chinthu chimodzi chimene si chawo n'komwe. Ndinati ngati sindiyenera kumasula ine, abwere amasule okha, ndiwalipirira basi.

Alamu anati bokosilo si lawo okha. Eni ake ndi alongo awo ndi ana a alongo awo, ndipo limatsegulidwa onse ali pomwepo, ashehe atawerenga dua. Iwo akalitsegula okha ndi mkazi wa malemu, pa tsiku la sadaka wina adzafunsa za chitsulo chakuti chimene anachionapo kale, ndipo chikadzasowa, kaya chinasowa zaka zapitazo, mlandu udzakhala wanga. Sadaka nayonso sangaifulumizitse, ili ndi tsiku lake.

"Ine ndikukhulupirirani, alamu. Koma ine sindidzakhalapo mpaka kalekale. Atsikana aja kuno ndi kwa bambo awo. Ndikufuna akadzabwera adzapatsidwe mphasa, osati kulozedwa chala kuti awo ndi ana a mayi uja anamasula bokosi."

M'mawa anandipatsa makaka ndi matemba a ku Chiuta, nandikweza panjinga mpaka pamene msewu unali wouma. Potsanzikana anati Mulungu akalola masiku otsalawa athamanga.

Pobwerera ndinatsikira pa chigayo cha pamsika. Mwini wake anali mnzawo wa amuna anga, ndipo anandipatsa chidutswa cha lamba wakale wa chigayo. Anali wotambalala ngati chikhato. Ndinamucheka m'litali ndi mpeni wonola kuti achepe, ndinayeza ndi woduka uja, ndinasoka ndi waya woonda. Ameneyu ndi amene anagwirako. Anali wouma msana, sankapindika bwino pa kagudumu kakang'ono, ndiye poyatsa achemwali ankayamba akankha mgolo ndi dzanja kuchokera kutsogolo, n'kutseka chitseko msangamsanga. Msoko ukamadutsa unkagunda, gu, gu, gu, mpaka anamwino ankamva ali ku wodi. Matewera ochepa ankauma. Tikaikamo nsalu za pabedi zonyowa, mgolo unkaima. Tinagwirizana kuti makina akhale a makanda okha, zina zonse tizisita. Masabata awiri anapita choncho, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti mwina tifika.

Tsiku lina namwino wa ku wodi ya ana anabwera kudzatiitana. Sanakalipe, anangoti tiyeni mukaone. Kamnyamata ka zaka ziwiri kamene kanagonekedwa ndi chibayo kanali ndi zithupsa msana wonse ndi m'matako. Namwino anapaka mafuta pa chithupsa chimodzi, tinadikira, kamutu koyera ka mphutsi kanatulukira, iye anafinya. Mwanayo analibe ngakhale mphamvu yolira mokweza. Mayi ake anali atamugwira miyendo, akuyang'ana ife. Sindikudziwa ngati nsalu imeneyo ndinasita ine kapena achemwali, kapena ngati sinasitidwe n'komwe. Mawa lake anapezekanso ana awiri.

Asisitere anandiitananso mu ofesi. Anati adikira mmene akanathera. Ndinati ndaona. Sabata yomweyo kunafika bambo wina wochokera ku Luchenza amene anagwirapo ntchito ku fakitale ya tiyi. Anayamba kugona ku wekishopu, banja lake litatsala kwa achibale kudikira nyumba. Asisitere anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi wotsatira.

Bamboyo anali munthu waulemu. Tsiku loyamba anagona chammbali kuseri kwa makina, anatulutsa lamba wanga, anamutembenuza m'manja. Ndinkadikira kuti aseke. Anangofunsa kuti anasoka ndani, ndipo achemwali ataloza ine, anati msokowo ndi wolimba koma lamba wa chigayo ndi wa chigayo, akanapitirira akanawotcha mota. Anapita ku Blantyre ndi ambulansi, anazungulira masitolo tsiku lonse, anabwera chimanjamanja. Anayesa lamba wa galimoto, anali wamfupi. Pamapeto pake anabwezeretsa wanga uja, namuphwetsako pang'ono. Atamva za bokosi anapukusa mutu, nati kwawonso sakhudza. Choncho nayenso anayamba kudikira sadaka pamodzi nafe, ndipo masana ankatithandiza kukoleza makala a simbi.

Abale a ku Chikweo anafika tsiku lake, anthu okwana ngolo. Tinaphika mpunga ndi mbuzi imene anabwera nayo. Ashehe anawerenga pakhonde, amuna atakhala mozungulira, ife amayi kuseri. Anthu atadya, alamu anatulutsa bokosi panja. Asanamasule anaitana alongo awo ndi ana awo kuti aone mfundo. Mmodzi wa adzukuluwo anawerama, anaigwira, anagwedeza mutu. Atatsegula, pepala la simenti linali pamwamba penipeni. Alamu analitenga, anafotokozera anthu onse kuti ichi ndi cha chipatala, nati mlamu wawo anayenda wapansi mpaka ku Chikweo kudzachipempha pamene akanatha kungotenga. Alongo awo anawomba m'manja pang'onopang'ono. Alamu anandipatsa ndi manja awiri, ine ndinalandira nditagwada. Masipanala anagawana adzukulu, njinga anapatsa wamkulu wawo. Wailesi alamu anati itsale ndi atsikana.

Ndinapita nalo pepala lija ku wekishopu alendo asanachoke n'komwe. Bambo wa ku Luchenza ananditsatira kuchipinda chochapira, anamuveka lambayo ine ndikadali chiimire. Tinaponyamo nsalu zonyowa zodzaza mgolo, anayatsa, unazungulira mwakachetechete. Achemwali anakhala pansi pa mulu wa zochapa n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Mawa lake ndinapita kwa asisitere, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Anati munthu analembedwa kale, ndipo ana ake akugona kwa eni ake kudikira. Anati ntchito yochapa ikadali yanga ngati ndingapeze pogona pafupi. Ndinafunafuna m'midzi yozungulira. Chimene ndinapeza chinali chipinda chopanda chitseko kuseri kwa nyumba yotcheza kachasu, amuna ali mbwee pabwalo kuyambira m'mawa. Mwana wanga wamkulu anali atangotha msinkhu. Ndinabwerera kukauza asisitere kuti ndipita kwathu.

Mkazi wa bamboyo anafika ndi ana anayi ife tikumanga katundu. Anaima pakhomo ndi mtolo pamutu, akuchita manyazi kulowa. Ndinamuuza kuti alowe. Anandifunsa ngati denga limadontha, ndinamuonetsa pakona pamene tinkaika chidebe, ndi zenera limene limafuna kulikweza kaye kuti litseke. Ndinamuuzanso kuti mpope wa panja umatuluka bwino m'mawa, masana umangodontheza. Nkhwani umene ndinabzala kuseri ndinati azithyola. Dalaivala wa ambulansi anatitula pamphambano ya ku Nsamala, ndipo kuchokera pamenepo tinasenza. Ana sanabwererenso kusukulu chaka chimenecho, chifukwa tinafika nthawi yoti munda wa malemu amayi anga unali thengo ndipo unkafuna manja a tonse atatu.